Tinalipila Kuti Tikaone Ndiwo Zikusambila ku Durban

Ngati munakulila ku Mlolo monga ine, nyanja yamchele munaidziwila pa mathilaki chabe. Mlolo ili m'boma la Chadiza, kufupi na boda ya Chanida, pomwe mseu wochoka ku Katete umalowela mu Mozambique kupita ku Tete. Usana na usiku mathilaki ochoka ku doko la Beira amadutsa pamenepo na feteleza, mafuta na makontena. Tili ana tinali kuwathamangila, kufunsa madilaiva kuti nyanja imaoneka bwanji. Yankho inali imodzi: "Ni madzi chabe, alibe tsidya."

Nsomba nazo tinazidziwila m'mbale. Kapenta wa ku Mpulungu na wa ku Siavonga, usipa wouma wochoka ku Malawi, matemba na milamba ya m'madambo mvula ikagwa. Titabwela mu Lusaka tinaonjezelako buka buka ya pa Soweto Market na makelele a m'katoni, ouma gwa na ayisi, maso oyela. Kambani zoona, imwe amene mukuwelenga: nsomba yamoyo, yosathawa mbedza, yongoyenda zake, munaiyang'anapo kwa mphindi zisanu?

Ine n'nali n'sanayambe, mpaka tsiku limene n'nakakamiza amalume kulowa mu uShaka Marine World.

"Nilipile kuona ndiwo?"

Amalume ni dilaiva wa thilaki. Akhala akunyamula kopa kupita ku doko la Durban kwa zaka zambili, ndipo ulendo uno n'nawapeza komweko pomwe n'napita kukaoda katundu. uShaka ili ku Point, kumapeto kwa gombe lomwe amati Golden Mile, pafupi na pakhomo pomwe masitima a pamadzi amalowela m'doko. Amalume anali kuidziwa bwino, koma kunja chabe.

"Iwe mphwanga, mutu uli bwino? Nilipile ndalama kuti nikaone ndiwo? Nanga akanipatsako imodzi yokazinga potuluka?"

Sanali kunama kwenikweni. Ndalama ya tiketi imodzi ingagule ndiwo za masiku angapo pa nyumba ya mu komboni, ndipo ine n'nali kuichotsa pa ndalama ya oda. Koma n'nalipila za anthu awili. Pa geti amalume anawelenga dzina la malowo n'kuseka: "Angoni anathawa Shaka, ise tabwela kudzam'lipila." Mukudziwa nkhani yake: Zwangendaba na anthu ake anachoka dela lomweli nthawi ya nkhondo za Shaka, n'kuoloka Zambezi mu 1835, ndipo zidzukulu zawo ni zija timavina nazo Nc'wala ku Mtenguleni. Malowa anatsegulidwa mu 2004, ndipo ni a khonsolo ya mzinda, ya eThekwini.

Kutsika m'mimba mwa sitima

Choyamba kuona ni chisitima chachikulu chadzimbili, chokhala monga chinachita ngozi kalekale n'kutsamila pamtunda. Musanyengeke, anachimanga dala. Akwaliyamu, kutanthauza nyumba yosungilamo zamoyo za m'madzi kuti anthu aziona, ili pansi pake. Mumalowa pakhomo, n'kuyamba kutsetseleka pang'onopang'ono. Kuwala kwa dzuwa kumatha, phokoso la ana a pa masilaidi a Wet 'n Wild limatsalila kumbuyo, mphepo imazizila. Makoma ni a zitsulo, mapaipi na zingwe, monga muli m'chipinda cha injini.

Ndiye mumakhota, n'kupeza khoma lonse ni galasi, ndipo kuseli kwake kuli madzi obiliwila kuchoka pansi mpaka kumwamba. Imwe muli pansi, nsomba zikudutsa pamwamba pa mutu wanu.

Amalume anaima. Chipewa anavula okha, monga alowa m'tchalitchi.

Mkati muli matanki oposa 30, ndipo onse pamodzi amasunga malita pafupifupi 17.5 miliyoni a madzi. Kuti mumvetse, tengani dilamu ija ya malita 210 yomwe mumatungila madzi akavuta mu Kanyama kapena mu Chawama. Mufunika madilamu oposa 80,000. Madziwo ni a m'nyanja yeniyeni, amawakoka na mapampu kuchoka ku gombe, kuwasefa, n'kuwazungulutsa usana na usiku. Pampu ikaima nthawi yaitali, zamoyo zimafa. N'naganiza za malodi shedingi athu n'kungopukusa mutu.

Zomwe mudzaona

Sin'dzakuwelengelani zonse, ni zambili maningi. Pali tunsomba twa m'makolo, twachikasu, twabuluu, twamizelemizele monga chitenge chatsopano. Pali nsomba zophwatalala monga lichelo, zamchila wautali, zomwe zimakupiza m'mbali monga mbalame ikuuluka. Ikabwela pa galasi n'kuonetsa kumimba, mumaona kakamwa kokhala monga kakumwetulila. Pali zina zazitali monga njoka, zobisala m'mapanga, mutu chabe kunja, kukamwa kuli yasa. Pali kanyama kamutu wa hachi, kakang'ono monga chala, kogwila udzu na mchila. Kwa iko, mwamuna ndiye amanyamula mazila m'kathumba mpaka ana abadwe. Amalume atamva izi anati, "Izo usakakambe kunyumba, amai ako aang'ono angamve."

Pa nthawi yake, munthu wovala zosambilila na botolo ya mpweya kumsana amalowa m'tanki kukadyetsa nsomba na manja. Zimam'zungulila monga nkhuku zikaona gaga. Kunja kuli mabwalo a masewela a ma dolphin na ma seal, ndiponso malo a ma penguin, mbalame zosauluka zoyenda monga mwana wovala thilauzi yothina. Musaseke kwambili: ma penguin a mu Africa atsala ochepa, ndipo mu 2024 anaikidwa pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pafupi kwambili kuthelatu. Chifukwa chimodzi chachikulu n'chakuti nsomba zing'onozing'ono zomwe amadya zachepa m'nyanja.

Koma pomwe aliyense amakhalitsa ni pa tanki ya mashaki. Shaki siithamanga. Imabwela mwa ulemu wake, mano ali panja osalongosoka, diso laling'ono losaphethila, n'kudutsa pafupi na mphuno yanu. Pakati pa imwe na iyo pali galasi chabe. Mwana wina anabisala kumbuyo kwa amake. Ine n'nabwelela sitepe imodzi, n'kuyang'ana ngati wina waniona.

Shaki ya dzina lakwathu

Apa m'pomwe ulendo unasinthila. Mtsikana wina wogwila nchito pamenepo anamva tikukamba Chinyanja, n'kutifunsa kwathu. Titati Zambia, anati ndiye muyenela kuidziwa Zambezi shark.

Tinayang'anana. Ku South Africa, shaki ina yoopsa kwambili amaiitana na dzina la mtsinje wathu. Mashaki ambili sangakhale m'madzi opanda mchele, koma iyi thupi lake limakwanitsa, chotelo imalowa m'mitsinje n'kukwela mtunda wautali. Mu Zambezi inapezekapo mpaka cha ku Tete. Tete yomweyi, ya pa mseu wathu wa Chanida.

Amalume anakhala pa benchi. Kuyambila ubwana timaona monga nyanja ni nkhani ya anthu ena, ise ndise a pamtunda, dziko lopanda gombe. Koma mvula ikagwa ku Chadiza, madzi a m'mitsinje monga Nsadzu amatsikila ku Mozambique, kukathila mu Zambezi, ndipo Zambezi imakathila mu Indian Ocean, nyanja yomweyi yomwe madzi ake anali kuseli kwa galasi. Ngalande ya mu Lusaka nayo imathela mu Kafue kapena mu Chongwe, ndipo yonse iwili ni ana a Zambezi. Mseu wa madzi unalipo kale mathilaki asanabwele.

Ndipo mseu umenewo sunyamula madzi okha. Pafupi pali malo osungilako akamba a m'nyanja. Bungwe lomwe limayendetsa akwaliyamu, la SAAMBR, lomwe linayamba mu 1951, limalandila akamba odwala na ovulala opezeka m'gombe, kuwachilitsa, n'kubweza m'nyanja omwe achila. Vuto imodzi yomwe imavutitsa akamba ni pulasitiki. Pepala ya pulasitiki ikamayandama imaoneka monga jellyfish, chakudya chawo. Kamba amameza, matumbo amatsekeka. N'nakumbuka majumbo na mabotolo omwe amadzaza ngalande za mu tauni mvula yoyamba ikagwa, ise n'kumati madzi atenga, yapita. Yapita kuti?

Dziwe la amalume

Tinakhala pa benchi ija nthawi yaitali, gulu la nsomba zasiliva likuzungulila pamodzi monga munthu mmodzi. Amalume anayamba kukamba osaniyang'ana.

"Pa dziwe lija la kumunsi kwa dimba ya ambuye ako, tili anyamata tinali kutchela mono madzulo. M'mawa upeza milamba, waukulu monga mkono wangawu. Tung'ono tinali kubweza. Manje pita ukaone."

N'napitako chaka chatha, chotelo n'nadziwa zomwe anali kukamba. Anyamata amakoka neti ya udzudzu, ija yomwe inabwela kuti iteteze ana ku malungo. Neti imeneyo siisiya kanthu: mai, mwana, mazila, zonse. Ena amathila katupe, ena mankhwala a m'munda, dziwe lonse n'kuyela na mimba za nsomba tsiku limodzi. Madimba afika mpaka m'mphepete mwa madzi, mchenga wadzaza pomwe panali pakuya.

Sin'kuweluza munthu. Amene amakoka neti ija ali na ana ofuna ndiwo lelo, osati chaka chamawa. Na ise a mu tauni tilimo: boma limatseka kugwila nsomba m'madela ambili kuyambila pa 1 December mpaka kumapeto kwa February kuti nsomba ziswane, koma ndani wa ise amafunsa pogula kuti iyi yachoka kuti? Tikapeza yotchipa timangoti mwayi.

"Amalume, ndiye ndalama yanga yapita pachabe?" n'nafunsa.

"Chokapo iwe," anatelo. Koma sanaimilile. Ine ndiye n'nachita kuwauza kuti tiyeni, njala yanipweteka.

Nsomba yomwe mwaiona ikupuma, ikuthamangitsa inzake pa malo ake, ikubisa ana, simuionanso monga mulu wa pa thebulo ya pa maliketi. Mudzaidyabe, na ine nimadya. Koma mumayamba kufunsa mafunso.

Ngati mufuna kupitako

Mabasi a ku Johannesburg amanyamukila pa Intercity mu Lusaka, ena kudzela ku Chirundu na Beitbridge, ena ku Livingstone na pa mlatho wa Kazungula. Kuchoka pa Park Station mukwela ina ya ku Durban, mtunda wa makilomita pafupifupi 570 pa mseu wa N3. Pasipoti ikhale yosatha, ndipo muone masiku omwe akudindilani pa boda.

Mitengo ya matiketi imasintha, yang'anani pa intaneti musananyamuke. Pali tiketi ya akwaliyamu payokha na ina yophatikiza masilaidi. Ngati thumba ni lopepuka, tengani ya nsomba. Fikani m'mawa, funsani nthawi ya kudyetsa na ya masewela, ndipo pewani December pomwe masukulu atseka, anthu amachita kupondana. Pojambula zimitsani fulashi, ndipo galasi musagogode. Mukatuluka, nyanja yeniyeni ili pomwepo. Vulani nsapato, lowetsani mapazi, koma kusambila sambilani pakati pa mbendela pomwe pali opulumutsa anthu. Mafunde a kumeneko si a pa damu.

Ngati Durban yatalika, musadandaule. Kuchoka ku Chipata, dutsani pa Mwami, Lilongwe, mpaka ku Senga Bay ku Salima, kapena pitililani ku Cape Maclear ku Mangochi. Kumeneko kuli mbuna, tunsomba twamitundumitundu twa m'miyala ya nyanja ya Malawi, tomwe anthu a ku Ulaya na ku America amagula kuti asunge m'magalasi m'nyumba zawo. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 kuteteza nsomba zimenezi, ndipo mu 1984 UNESCO inaiika pa malo ofunika a dziko lonse. Pamenepo galasi mumavala kumaso, n'kulowetsa mutu m'madzi. Na kwathu ku Mpulungu, nsomba zokongola za mu Tanganyika zimagulitsidwa kunja momwemo. Azungu amalipila kuti aone zomwe ise tili nazo pakhomo.

Madzulo a tsiku lija tinadya nsomba na chipisi pafupi na gombe. Amalume anaitembenuza na foloko, kuiyang'ana bwinobwino, n'kunifunsa ngati ni mtundu umodzi na zija zasiliva. N'nati kaya. Anadya yonse, mpaka kutafuna mchila.

Mwezi watha ananitumila foni ali pa mzele wa mathilaki pa Chanida. Anali atapatukila kumudzi, ndipo anapeza neti ya udzudzu itayanikidwa pa mpanda, ikununkha nsomba. Ati anaitana adzukulu onse, kuwakhazika pansi pa mtengo wa mango, n'kuwaonetsa vidiyo ya shaki pa foni mpaka batili inatha. Neti anaichapitsa, yabwelela pa bedi. Kaya ikhalapo masiku angati.

"Koma kamodzi kaja kakang'ono kakuti nikatenge ulendo wamawa," anatelo. "Tiketi ya mwana ni zingati?"