Nyali Yopopa Imagulidwa ndi Thanki Yake

Pakati pa katundu amene akutha m'nyumba zathu popanda womulira pali nyali yopopa, ija tonse kuno ku Angónia tinkangoitcha Petromax, kaya anaipanga ndani. Inu amene munali kale ndi nzeru nkhondo isanathe mu 1992 mukuikumbukira bwino. Inkalendewera pakhomo la kantina, pa ukwati, pa maliro ndi pa misonkhano yausiku, ikulira mosalekeza ngati ketulo yoyandikira kuwira, kuwala kwake kukufika mpaka kuseri kwa nkhokwe. Lero nyali za sola ndi matochi zatenga malo ake, ndipo ine sindidandaula, pakuti n'zotsika mtengo ndiponso sizitentha nyumba. Chimene chimandiwawa n'chakuti nyali zakalezo zikugulitsidwa pa kilo kwa ogula zitsulo zakutha, n'kumaphwanyidwa ndi hamala chifukwa cha mkuwa wake, chonsecho zambiri mwa izo zikanayakanso munthu atazipatsa Loweruka limodzi lokha.

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikugula nyali zotere m'misika ndi m'makomo, kuyambira ku Ulónguè mpaka ku Tete, ndi kumazikonza pakhonde panga madzulo. Ndili nazo zisanu ndi ziwiri zoyaka, ndi zina zitatu zimene zikudikira zipangizo. Anzanga amandiseka, amati ndikutolera zimene anthu anzeru anataya. Koma pa ntchito imeneyi ndaona chinthu chimodzi chimene ndikufuna kuti muchidziwe, abale ndi alongo: nyali yopopa imagulidwa ndi thanki yake. Thanki ikakhala yamoyo, zina zonse zimasinthika, chifukwa amene anapanga nyalizi anazipanga kuti zizimasulidwa ndi kumangidwanso.

Dzina la Petromax linachokera ku Germany. Max Graetz, wa kampani ya Ehrich & Graetz mumzinda wa Berlin, ndiye anakonza nyali imeneyi mu 1910, ndipo dzinalo linalumikiza mawu a kwawo otanthauza palafini ndi dzina lake loyamba. Zina zimene ndazipeza kuno zili ndi dzina la Hipólito, fakitale ya ku Torres Vedras ku Portugal imene inkapanga nyali za mtundu womwewo, ndipo inatsekedwa kale. Za Tilley, zopangidwa ku Britain, zinkabwera ndi makolo athu pochokera kuntchito ku Rhodesia ndi ku Johannesburg, kapena kudzera pamalire a Dedza. Pambuyo pake panadza za ku China monga Anchor, zotengera kapangidwe ka Petromax. Izi n'zopepuka ndipo chitsulo chake n'chofewa, koma musazinyoze, pakuti zipangizo zake zambiri zimalowana ndi za Petromax ndi Hipólito. Anchor yakufa imadzutsa Hipólito.

Ku America ndi ku Ulaya nyali zoterezi amazidziwa monga nyali za anthu okagona m'mahema kutchire pa nthawi ya tchuthi. Kumeneko dzina lalikulu ndi Coleman, kampani ya ku Wichita m'chigawo cha Kansas, imene inatulutsa nyali yake yoyamba yonyamula m'manja mu 1914. Yotchuka kwambiri ndi yofiira ija yotchedwa 200A, imene inapangidwa kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 mpaka 1983. Coleman inkadinda mwezi ndi chaka pansi pa thanki, moti osonkhanitsa nyali amafunafuna yopangidwa mwezi ndi chaka chimene iwo anabadwa, n'kumapikisana mitengo pa eBay. Ife amene tinagonapo kutchire mosafuna timadabwa kuti munthu wokhala ndi nyumba ya magetsi angalipire ndalama kuti akagone pansi. Komabe ndimawathokoza anthu amenewo. Chifukwa cha chidwi chawo, timalabala, singano ndi magalasi a nyali za zaka 60 zapitazo zikupangidwabe, ndipo mwana wa mlongo wanga wa ku South Africa amatha kundipezera zina akamabwera pa Khirisimasi.

Kuti munthu agule bwino ayenera kudziwa mmene nyaliyi imagwirira ntchito, ndipo si zovuta. Ilibe chingwe ngati koloboyi kapena nyali ya galasi. Mukapopa, mpweya umadzaza pamwamba pa palafini m'thanki n'kumukankhira m'kapaipi koimirira pakati pa nyali. Kapaipiko kakatentha, palafini amasanduka nthunzi, nthunziyo imatuluka pa kabowo kakang'ono ngati ka tsitsi, imasakanikirana ndi mpweya, n'kukayaka m'kati mwa kansalu kaja timakatcha kamiza potengera Chipwitikizi. Lawi lenilenilo ndi lobiriwira ndipo siliwala kwenikweni. Chimene chimawala mbee ndi kamiza ikapsa ndi kutentha. Petromax yaikulu, yolembedwa 500, imamwa palafini wokwana lita imodzi pa maola pafupifupi 8, ndipo kawotchi kake koyezera mpweya kali ndi mzere wofiira pa 2 bar.

Tsono pamsika wogulitsa amakuonetsani galasi losasweka ndi chipewa chonyezimira, ndipo amakweza mtengo chifukwa cha zimenezo. Ine ndimayamba ndi kutembenuza nyaliyo. Thanki ya Petromax, Hipólito ndi Tilley kawirikawiri imakhala ya mkuwa, ndipo mkuwa wokalamba umang'aluka timing'alu toonda, tovuta kuona ngati simunapukute ndi chala chonyowa. Thanki ya chitsulo, monga ya Coleman 200A, imadyedwa ndi dzimbiri kuchokera m'kati, makamaka ngati munalowa madzi. Ndimatsegula chitsekerero, kununkhiza, ndi kuikhutchumula pafupi ndi khutu. Ngati mukumveka mchenga, ndi dzimbiri limenelo. Ndimayang'ananso ngati pansi pake patumbuka kunja, chizindikiro chakuti wina ankaipopa mopitirira muyezo. Mwini wake akalola, ndipo pampu ikamagwira, ndimakhuthula mafuta, kupopa kangapo, ndi kumiza thankiyo m'beseni la madzi. Thovu lotuluka pachitsekerero silindiopsa, limenelo ndi labala chabe. Thovu lotuluka pathupi la thanki limatanthauza kuti nyaliyo ndiigula monga zipangizo, pa mtengo wa zipangizo. Alipo amisiri amene amamata ming'alu yotere ndi mtovu. Ine sindiyatsa nyali yomatidwa, chifukwa mkuwa umene wang'aluka pamodzi uli pafupi kung'aluka pena, ndipo m'kati mwake muli mafuta opanikizidwa pansi pa moto.

Thanki ikapambana mayeso, ntchito yotsalayo imafuna kuleza mtima kuposa ndalama. Pampu ikamangolowa osagwira mpweya, ndiye kuti kachikopa ka kumapeto kwake kauma. Kawirikawiri sikafuna n'kusintha komwe. Ndimakaviika m'mafuta a makina osokera usiku umodzi, kukatambasula ndi chala, ndipo m'mawa kamagwira ngati katsopano. Kakang'ambika, wosoka nsapato akhoza kudula kena pa chikopa chofewa. Labala wa m'chitsekerero amauma ngati fupa, ameneyo ngwosintha basi. Pansi penipeni pa paipi ya pampu pali kavalavu koletsa mafuta kubwerera, ndipo apa ndi pamene nyali zambiri zimafera m'manja mwa okonza. Kamakhala kothina, mutu wake ngwofewa, ndipo munthu akakakamiza ndi sikuludilaiva yosakwana bwino amauphwanya, n'kukhala kuti sikatulukanso. Ngati ndodo ya pampu ikudzikankha yokha kubwerera kunja, kapena m'paipi ya pampu mukunyowa palafini, kavalavu kameneka kafa, ndipo nyaliyo isayatsidwe mpaka katasinthidwa.

Kapaipi kotenthetsa mafuta kamadzaza mwaye wouma, makamaka ngati mwini wake ankagwiritsa palafini wakuda kapena wosakaniza ndi dizilo. Ka Petromax kamamasuka ndipo kamatsukika: ndimakatenthetsa, kukaziziritsa, kukagogoda pang'onopang'ono pathabwa, mwaye n'kumayoyoka. Ka Tilley n'komata, sikatseguka, kakatha kamangosinthidwa. Kabowo kotulukira nthunzi musakalowetse singano yosokera kapena waya. Kakakula pang'ono chabe, nyali imamwa mafuta ochuluka, lawi limatulukira kunja kwa kamiza, ndipo chipewa chimada bii ndi utsi. Kali ndi singano yakeyake m'kati, yoonda kwambiri, imene imakwera mukatembenuza gudumu la pambali. Zitsulo zina zonse za mkuwa ndimaziviika kanthawi kochepa m'madzi ofunda a viniga kapena a mandimu, kenaka kuzitsukuluza bwino. Zikakhalitsamo zimafiira.

Kamiza nayo ili ndi mbiri yake. Anaitulukira ndi Carl Auer von Welsbach, katswiri wa mankhwala wa ku Vienna, amene pofika mu 1891 anapeza kuti kansalu koviikidwa mu thorium magawo 99 ndi cerium gawo limodzi kamawala koposa. Mukakayatsa koyamba ulusi umapsa wonse, n'kutsala phulusa lokhalokha loumbika ngati dzira, limene limagwa mukangolikhudza. Thorium imatulutsa cheza chosaoneka chimene sichabwino chikalowa m'mapapo, n'chifukwa chake opanga ambiri masiku ano anasinthira ku yttrium. Makamiza akale opezeka m'mabokosi a agogo ndimawayatsira pabwalo, sindiuzira phulusa lake ndi pakamwa, ndipo ndimasamba m'manja. Kamiza yobooka ngakhale pang'ono ndimaichotsa, pakuti pabowopo pamatuluka kalawi kolasa galasi mpaka kuliswa.

Pali ngozi ina imene ndi yathu ife okhala pamalire. M'Chipwitikizi petróleo ndi palafini, koma abale athu a ku Malawi akati petulo akunena mafuta a galimoto, amene ife timati gasolina. Mwana wotumidwa ndi botolo akhoza kubwera ndi cholakwika popanda kunama kulikonse. Gasolina m'Petromax ndi imfa. Nyaliyi pozimitsa timamasula kasikuluwu kotulutsa mpweya m'thanki, ndipo mpweya wa gasolina ukatuluka pafupi ndi moto umagwira pomwepo. Nunkhizani botolo musanathire. Coleman 200A ndi yosiyana: inapangidwira mafuta opepuka, oyeretsedwa, a mtundu wa gasolina, ndipo palafini siyaka nayo bwino. Coleman za palafini ziliponso, ndipo mumazizindikira ndi kambale kakang'ono kothiramo sipiriti pansi pa kapaipi. Nyali ya palafini imafuna kutenthetsedwa ndi sipiriti mpaka atatsala pang'ono kutha, musanatsegule mafuta. Wopupuluma amaona lawi lachikasu litabuka mpaka kudenga. Ndipo m'miyezi yozizira ya June ndi July, pamene timatseka mazenera onse, nyali yopopa isayake m'chipinda chogona, pakuti mpweya wake umapha mwakachetechete monga wa mbaula ya makala.

Pa nkhani ya kupukuta ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena okonza. Iwo amakwecha thanki ndi sandipepala mpaka iwale ngati golide, amawongola zopindika zonse, n'kupaka chipewa penti ya m'chitini. Siliva wooneka pamwamba pa Petromax ndi nickel wopyapyala, ndipo akachoka sabweranso. Penti wamba pachipewa amapsa tsiku loyamba lomwe. Ngakhale ogula a kunja amalemekeza nyali yosakwechedwa kuposa yonyezimira mwatsopano. Koma chifukwa changa chachikulu n'china. Hipólito yanga ina ndinaigula kwa agogo ena aakazi a kufupi ndi Dómuè. Thanki yake ili ndi chiphwanya chachikulu mbali imodzi, ndipo pansi pake pali zilembo ziwiri zokanda ndi msomali. Nditafunsa kuti, "Agogo, apa inatani?" anandiuza kuti inagwa pamtolo usiku umene ankathawira ku Malawi mu 1986, ndipo anabwera nayo mu 1993 isanayakepo n'kamodzi komwe kumsasa, poti palafini kunalibe. Zilembozo ndi za amuna awo, amene anatsala komweko. Anaigulitsa chifukwa cha fetereza. Ndinaimiza m'madzi, sinatulutse thovu. Ndinasintha kachikopa, labala ndi singano, ndinaitsuka ndi sopo, chiphwanyacho ndinachisiya mmene chilili. Imayaka kuposa zonse zimene ndili nazo, ndipo adzukulu awo anabwera kudzaibwereka pa chinkhoswe.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi magalasi. Galasi la nyali yopopa ndi lopirira kutentha, ndipo botolo lodulidwa pakati, monga ena amayesera, limaphulika patangopita mphindi zochepa. La Anchor limakwana pa Petromax yaikulu ndi pa Hipólito ya msinkhu womwewo, choncho awiriwa sasowa. La Tilley ndi lofufuma pakati, la maonekedwe akeake, ndipo kuno sindinalipezebe. Mwa zitatu zodikira zija, ziwiri ndi za Tilley, mathanki ake abwinobwino, zikungoyembekeza magalasi ochokera ku Johannesburg atakulungidwa m'zovala. Yachitatu ndi Coleman yofiira yodindidwa chaka cha 1968, imene kavalavu kake ka m'pampu kakukanabe kumasuka, ndipo mlungu uno ndi wachinayi ndikukathira mafuta.