Choko cha ku Dover ndi Nyanja Yomwe Inatitimira

Ukakwera sitima ya pamtunda ku London, pakangotha ola limodzi ndi mphindi zochepa umakhala wafika ku Dover. Ndinapitako Loweruka lina m'mawa, kamphepo kakuwomba ngati ka chiperoni. Chimene chimakopa alendo kumeneko ndi zipupa za miyala yoyera mbee m'mphepete mwa nyanja, zotalika mpaka mamita 110.

Nditakhudza mwalawo, zala zanga zinayera ngati za mphunzitsi wa ku pulayimale. Eetu, ndi choko, mtundu wofewa wa mwala wa laimu. Zaka zoposa 66 miliyoni zapitazo, dera lonseli linali pansi pa nyanja. Tizomera tosaoneka ndi maso tikafa, zigoba zake zinkamira n'kuunjikana pansi ngati phala. Matope oterowo akakhala atsopano, pafupifupi 70 peresenti yake ndi timipata todzaza madzi.

Zinthu zimasintha akayamba kukwiririka. Kulemera kwa matope ena pamwamba kumawafinya, madzi n'kutuluka. Akamapitirira kuzama, tizidutswa timasungunuka pomwe tagundana, ndipo laimu wosungunukayo amakauma m'timipata muja ngati simenti. Pofika makilomita atatu pansi, nthawi zambiri mwalawo umakhala utalimba gwa, timipata tambiri titatsekeka. Choko cha ku Dover sichinazame chotero, n'chifukwa chake n'chofewa ndipo chimasunga madzi amene anthu ambiri a kumwera chakum'mawa kwa England amamwa.

Ndili pamwamba pa chipupacho, ndinayang'ana chakumpoto komwe kuli nyanja ya North Sea. Choko cha mtundu womwewu chimapitirira pansi pa nyanjayo. Mu 1969, kampani ya Phillips Petroleum inapeza mafuta m'chokocho pamalo otchedwa Ekofisk, m'madzi a dziko la Norway, pafupifupi makilomita atatu pansi. Chodabwitsa n'chakuti timipata take tinali tikadali totseguka, m'malo ambiri kupitirira 30 peresenti. Madzi anatsekeredwa mkati ndi miyala ya dongo yomwe ili pamwamba pake, choncho anathandiza kusenza katunduyo. Mafutanso analowamo msanga, simenti isanatseke timipata.

Kupopa mafuta kunayamba mu 1971. Mafuta akamatuluka, chokocho chinayamba kufinyika, ntchito yomwe chinaizengereza kwa zaka mamiliyoni. Pofika mu 1984, akatswiri anazindikira kuti pansi pa nyanja pakutitimira limodzi ndi nsanja zomwe anthu ankagwirirapo ntchito ndi kugona. Mafunde akuluakulu akanatha kuwafika. Mu 1987 anadula miyendo ya nsanjazo, kuzinyamula ndi majeke, n'kuzikweza ndi mamita 6.

Pobwerera, ndinaona kachidutswa ka choko kali m'njira ndipo ndinakafinya ndi zala ziwiri. Kananyenyeka pomwepo. Fumbi lake linali lidakali pa jekete langa pomwe sitima imalowa mu London.