1857: Chaka Chimene Mabuku Anaimbidwa Mlandu ku Paris

Pa zaka 18 zimene Napoleon III analamulira France monga mfumu yaikulu, kuyambira 1852 kufikira 1870, chaka chimene ine ndimabwererako kawirikawiri ndi 1857. Olemba mbiri ya nkhondo amachikumbukira chifukwa cha Kabylie, dera lamapiri la ku Algeria limene asilikali a France analigonjetsa m'mwezi wa Julayi, ndiponso chifukwa cha gulu la asilikali achikuda limene Louis Faidherbe anakhazikitsa ku Senegal. Zimenezo n'zazikulu ndithu. Koma maso a munthu wophunzitsa za ziyankhulo amathamangira kubwalo la milandu la ku Paris, kumene boma linazenga mlandu alembi awiri m'chaka chomwecho.

Woyamba anali Gustave Flaubert, pa 29 Januwale. Nkhani yake, Madame Bovary, inali itatuluka m'zigawozigawo m'magazini ya Revue de Paris chakumapeto kwa 1856. Ndi nkhani ya Emma, mkazi wa dokotala wakumudzi, amene banja litamutopetsa analowa m'zibwenzi zamseri ndi m'ngongole, mpaka anamwa chiphe. Woimira boma pamlanduwo, Ernest Pinard, anati bukulo likunyoza makhalidwe abwino ndi chipembedzo.

Ambiri masiku ano amamuseka Pinard kuti anali mbuli pa zolembalemba. Ine sindimuseka, pakuti anali wowerenga watcheru. Chigololo chinalipo kale m'mabuku ambiri a Chifalansa. Chimene chinamusowetsa mtendere n'chakuti m'buku lonselo munalibe munthu woti n'kumudzudzula Emma, ndipo mlembi naye sanali kuonekera poyera. Apa anali atagunda nkhani ya galamala, ngakhale analibe dzina loitchulira.

Taganizani motere. Pofotokoza za mumtima mwa munthu wina, timaika chizindikiro. Timati, "Mayi uja anaganiza kuti wapeza mtendere." Kamawu koti "kuti" ndi mpanda: mbali ino kuli wofotokoza nkhani, mbali inayo kuli mwini maganizo. Tsono zulani mpandawo: "Mayi uja anakhala pakhonde. Ha, tsopano anali atapeza mtendere, masautso onse anali atatha!" Kodi akuyankhula ndani? Mneni ali m'nthawi yakale, ngati mawu a wofotokoza, koma mfuu yachimwemweyo ndi ya mayiyo. Mawu awiri alowerana m'chiganizo chimodzi ngati madzi a mitsinje iwiri pamatsiriro. Flaubert sindiye anayambitsa kalembedwe aka, koma anakagwiritsa ntchito mosalekeza ndiponso mosapepesa. Choncho pamene Emma akusangalala atabwera kokakumana ndi chibwenzi chake, Pinard anamva ngati mlembi weniweniyo ndiye akutamanda chigololo. Panapita zaka 55 kuti katswiri wa ziyankhulo wa ku Geneva, Charles Bally, alembe za kalembedweka mu 1912 pansi pa dzina limene lakhazikika, style indirect libre.

Loya wa Flaubert, Jules Senard, anayankha kuti oweruza ayang'ane imfa yowawa ya Emma, poti chilango chili pomwepo. Sindikhulupirira kuti Flaubert analembera bukulo kuphunzitsa mwambo, koma mfundoyo inagwira. Pa 7 Febuluwale bwalo linamudzudzula pang'ono n'kumumasula, ndipo bukulo litatuluka mu Epulo anthu analigula mwankhaninkhani. Mlandu unali utalitsatsa kwaulere.

Charles Baudelaire analibe mwayi wotero. Buku lake la ndakatulo 100, Les Fleurs du mal, linatuluka mu Juni, ndipo pa 20 Ogasiti anaima pamaso pa Pinard yemweyo. Zoona, Flaubert anali mwana wa dokotala wotchuka wa ku Rouen, pamene Baudelaire ankadziwika ndi ngongole ndi moyo wotayirira, ndipo mabwalo amaona zotere. Komabe ndikuona kuti galamala nayo inamupereka. Mlakatuli amati "ine". Tonse ophunzitsa timadziwa kuti "ine" wa m'ndakatulo si mlakatuliyo ayi, koma woweruza wofuna munthu woti amugwire sangapirire phunziro limenelo. Mwa Flaubert anasowa mwini mawu. Mwa Baudelaire anamupeza ataima poyera.

Bwalo linalamula kuti ndakatulo 6 zichotsedwe, ndipo linamulipiritsa chindapusa cha mafranki 300. Iye analembera kalata mfumukazi Eugénie kupempha chifundo, ndipo ndalamazo zinatsitsidwa kufika pa 50. Ndakatulozo zinakhalabe zoletsedwa ufumuwo utagwa kalekale, kufikira pa 31 Meyi 1949, pamene bwalo lalikulu la apilo linafafaniza chigamulocho. Baudelaire anamwalira mu 1867, atadwala matenda amene anamulanda mphamvu yoyankhula. M'chaka chomwecho Pinard anasankhidwa kukhala nduna ya zam'dziko.