Ku Wimbe, Kumene Kanema Anajambulidwa

Amayi anzanga, tsiku lina mukadzafika pa boma la Kasungu, mudzapatuleko nthawi yolowera kum'mawa, cha ku Mtunthama, kuti mukaone Wimbe. Ndi malo a malonda aang'ono, ozingidwa ndi minda ya chimanga ndi fodya. Kufupi ndi pamenepo pali mudzi wa Masitala, kumene William Kamkwamba anapanga makina otulutsa magetsi ndi mphepo pambuyo pa njala ya 2001 ndi 2002.

Kumeneko n'kumene anajambulira kanema wa The Boy Who Harnessed the Wind, amene anatuluka mu 2019. Dzina la kanemayo likutamanda mnyamata, koma inu mukamaonera mudzayang'anitsitse mayi ake, Agnes. Mbali imeneyi anasewera Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal, amene anaphunzira kulankhula Chichewa chifukwa cha ntchitoyi. Mwana wawo wamkazi, Annie, anasewera ndi woimba wathu Lily Banda.

Nkhokwe itatha, banja likudya kamodzi patsiku, Agnes sataya mtima. Alimbikira kuti ana aphunzire, ndipo bambo akakaniza mwana njinga yopangira makinawo, ndi mayiyo amene alankhula nawo mosapsatira mpaka avomera.

Tsono mukafika pa Wimbe, musangofunsa za makina okha. Mudzaime pamsika, mudzaone amayi ogulitsa zigumu ndi otunga madzi pamjigo. Ambiri a iwo anadyetsa ana m'njala yomweyo popanda wowajambula. Mudzawapatse moni mwaulemu.