Laputopu ikayamba chibwibwi, ipimeni musanakongole

Milandu yofika kwa ankhoswe masiku ano yasintha. Kale tinkamva za ndalama zothera ku mowa kapena ku chibwenzi. Lero mupeza mtsikana akudandaula kuti mwamuna wake akufuna kutapa ndalama za fizi ya mwana kuti agule kompyuta ina, ati yakaleyo yatopa. Pitani ku Ndirande, ku Kawale ngakhale ku Chibavi, mukapeza anyamata atasandutsa chipinda chogona kukhala situdiyo, akujambula makwaya ndi oimba anzawo. Ena akudyetsa nazo mabanja. Tsono inu makolo musamati ndi masewera. Ndi ntchito ndithu, ndipo chida chake chikadwala m'nyumba simukhala mtendere.

Mkamwini wanga ndi mmodzi mwa anyamata oterewa. Amagwiritsa ntchito pulogalamu ya FL Studio, yopangidwa ndi kampani ya Image-Line ya ku Belgium, yomwe akale pa ntchitoyi amaitchabe FruityLoops ngakhale dzinalo lidasintha mu 2003. Chaka chatha, nyengo yotentha, mwana wanga adabwera kwathu maso ali psuu. Akuti nyimbo ikafika pomwe zida zonse zikulira pamodzi, mawu ankayamba kuthetheka ngati chimanga chokazinga, kenaka chibwibwi, kenaka zii. Kanambala ka CPU kamene kali pamwamba pa pulogalamuyo kankafika 100. Kwaya ina idali italipira kale theka la ndalama ndipo inkafuna nyimbo zake. Bamboyo adali atalamula kuti mkazi wake akakongole ku banki m'khonde.

Pa unamwino tidaphunzira kuti wodwala salandira mankhwala asanapimidwe. Ndidaitana mnyamata wa kutchalitchi kwathu amene amakonza makompyuta, tonse n'kupita kunyumba kwa anawo. Kale mpongozi ndi mkamwini ankazembana panjira, koma tsikulo tidakhala mpando woyandikana.

"Bambo, laputopuyi mumaiika pati mukamagwira ntchito?" ndidafunsa.

"Pabedi, amayi. Patebulo pamakhala mbale."

Matenda oyamba adali omwewo. CPU ndi kachipangizo kamene kamagwira ntchito yonse yowerengera m'kompyuta, ndipo kakamalimbikira kamatentha. Kutenthako kukayandikira madigiri 100, kamadzichepetsera liwiro kokha kuti kasapse. N'chimodzimodzi mwana wotentha thupi, safuna kuthamanga, amangogona. Mpweya woziziritsa umalowera pansi pa laputopu, ndiye mukaiika pabulangete mwaitseka mphuno. Wokonzayo atatsegula, fani yake idali itakutidwa ndi fumbi lolukana ndi ulusi, lokhuthala ngati thonje. Adapukuta, n'kupaka mwatsopano kaphala kamene kamakhala pakati pa CPU ndi chitsulo chochotsa kutentha, poti kakale kadali katauma gwa. Fumbi lathu la mwezi wa Seputembala ndi Okutobala mukulidziwa. Mbale zidasamuka patebulo tsiku lomwelo, ndipo kumbuyo kwa laputopu tidakweza ndi kathabwa.

Chachiwiri n'chachidule. Magetsi akazima, kompyuta n'kutsalira pa batire, Windows imachepetsa mphamvu ya CPU pofuna kusunga moto. Ntchito yolemera ichitike chaja ili pakhoma, ndipo m'makonzedwe a mphamvu musankhe Best performance. Chaja yobwereka, ya mphamvu yochepa kuposa yomwe idabwera ndi makinawo, nayonso imafoola.

Chomwe chidandigwira mtima kwambiri ndi chinthu chomwe amachitcha buffer. Ndidamuuza mnyamatayo kuti afotokoze ngati akuuza gogo, ndipo ndikupatsirani momwe ndidamvera. Nyimbo ya m'kompyuta kawirikawiri imaduliridwa m'tizidutswa 44,100 pa sekondi imodzi. Kompyuta situmiza tizidutswato kumasipika kamodzikamodzi, imatilongedza m'magulu. Kukula kwa gululo ndiye buffer. Ikakhala pa 128, CPU ili ndi nthawi yosakwana magawo atatu mwa magawo 1,000 a sekondi kuti imalize gulu lililonse. Ikachedwa pang'ono chabe, sipika imasowa choti ilize, ndipo kuthetheka kuja ndi komweko. Mukaikweza kufika pa 1024, nthawiyo imafika pafupifupi magawo 23. Ganizirani mayi wodzaza mgolo ndi kapu, ndi mnzake wotunga ndi ndowa. Madzi ndi omwewo, koma wa kapu afika madzulo ali wefuwefu.

Nanga bwanji osangoisiya pamwamba nthawi zonse? Chifukwa buffer ikakula, woimba amamva mawu ake m'mahedifoni mochedwa, ngati akuimba m'phanga, ndipo amasokonezeka. Ndiye pojambula mawu itsitseni pa 128 kapena 256, koma woimba akapita, inu mukusakaniza ndi kukometsa, ikwezeni pa 512 kapena 1024. Mkamwini wanga adaitsitsa tsiku lina pojambula, n'kukhala momwemo miyezi. Pamalo pomwepo posinthira buffer onetsetsaninso kuti mwasankha ASIO, kaya FL Studio ASIO kaya yobwera ndi kabokosi kanu kolumikizira maikolofoni.

Kenaka tidaona katundu amene adasenzetsa nyimboyo. Kwaya ija idali ndi mizere ya mawu 16, ndipo pamzere uliwonse adaikapo reverb yakeyake, kaja kamachititsa mawu kumveka ngati muli m'tchalitchi chachikulu. Aaa, ngakhale m'wodi sitinkayatsa mbaula 16 pophikira odwala 16 phala. Reverb imodzi ikhale pamzere wakewake, mawu onse azitumizidwa kumeneko. Chida chomwe mwakhutira nacho, kaya ndi piyano kaya zingwe, chisandutseni mawu wamba a WAV, poti kuliza mawu ojambulidwa kale n'kopepuka kusiyana ndi kuwapanga mwatsopano nthawi iliyonse. Mu FL Studio mulinso Smart disable, yomwe imagoneka ma plugin amene sakulira pa nthawiyo. Ogwiritsa ntchito Cubase kapena Ableton Live ali ndi Freeze, yogwira ntchito yofanana ndi kusandutsa kuja.

Pali nkhani ina yomwe anyamata sakonda kuimva. Ma plugin ambiri amene amapatsana pa flash ndi akuba, osagula. Mu 2019 kampani yoona za chitetezo cha makompyuta ya ESET idaulula za kachilombo kotchedwa LoudMiner, kamene kankabisidwa m'mapulogalamu akuba opangira nyimbo. Ntchito yake idali kugwiritsa CPU ya mwini kompyuta kukumba ndalama za pa intaneti, phindu n'kumapita kwa anthu osawadziwa. Zili ngati njoka za m'mimba: mwana akudya bwino koma sanenepa. Kupima kwake n'kosavuta. Tsekani zonse, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager. Ngati CPU ili pamwamba pomwe palibe chomwe mwatsegula, pitani nayo kwa wokonza. Ya mkamwini wanga idalibe kachilombo, koma tidapeza masamba a intaneti ambirimbiri ali otsegula kuseri, Facebook ndi YouTube zili momwemo.

Pofika madzulo nyimbo ija idalira kuyambira poyamba mpaka pomaliza osatsamwa, kanambala kakusewera cha m'ma 60. Zomwe tidalipira ndi za wokonza uja basi, ndipo kwaya idalandira nyimbo zake sabata yotsatira.

Sindikunena kuti laputopu sikalamba. Zonsezi zikachitika koma chibwibwi chilipobe, yakula ndithu, ndipo pamenepo khalani pansi awiri, muwerenge kuti situdiyo imalowetsa zingati pamwezi musanakhudze fizi kapena lendi. Wogulitsa akakuuzani kuti mungowonjezera RAM, funsani kaye Task Manager yemwe uja. RAM ili ngati tebulo loikapo zida, imathandiza ngati yadzaza, koma siwonjezera nyonga za CPU. Ndipo popita kukagula ina, makamaka zakaunjikazi, nyamulani pa flash pulogalamu yanu ndi nyimbo yolemera kuposa zonse, muilize pomwepo kwa mphindi 20 makina atenthe, mumve ndi makutu anu musanatulutse ndalama.

Poti ndatchula makutu, unamwino sundilola kudutsa. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata akumvera phokoso la madesibelo 80. Inu amayi, mukamamva nyimbo yochokera m'mahedifoni a amuna anu muli kukhitchini, kapena iwo akamadandaula kuti m'makutu mukulira ngati nkhululu akagona, atsitse voliyumu ndipo akapimitse makutu kuchipatala.