Tambala wa Bawo Amene Sindinamuyenere

Pa tchuthi chapitachi ndinalowa mpikisano wa bawo ku Linga, ku Nkhotakota. Mphoto inali tambala, ndipo lamulo linali lakuti ukagonja kamodzi, watuluka. M'ndime yomaliza ndinagonjetsa amalume, omwe anayamba kusewera ine ndisanabadwe. Sindinawerengere n'komwe. Ndinangotola nkhomo, dzanja n'kumayenda mpaka mzere wawo wakutsogolo unauma.

Bawo ilibe madayisi ngati backgammon, koma m'maenje 32 ndi nkhomo 64 muli mwayi wokwanira kupulumutsa wophunzira kamodzi. Katatu sizingatheke. Okonza amati nthawi imachepa, asodzi amafunika kupita panyanja dzuwa lisanalowe. Ndikuwamvetsa. Komabe tambala uja ndinamunyamula mwamanyazi, amalume akungoti, "Mawa ubwerenso, mphwanga, tidzasewere kasanu."