Ku Kabwe masukulu ngambiri, koma mlatho palibe

Kuchoka ku Lusaka kulowera kumpoto, basi imayenda makilomita pafupifupi 140 isanakutuleni ku Kabwe. Za malole amene amandandalikana ngati linthumbu pa msewu wa Great North sindinenapo kanthu, amene anayendapo akudziwa. Chimene chinandikhala pamtima masiku onse amene ndinakhala m'tauniyi ndi zikwangwani za masukulu. Kuli yunivesite ya Kwame Nkrumah, imene inayamba mu 1967 ngati koleji yosula aphunzitsi. Kuli ya Mulungushi, imene inakhala yunivesite yachitatu ya boma mu 2008. Kuli Kabwe Institute of Technology, kumene amaphunzitsa ntchito zamanja, ndiponso sukulu ya anamwino ndi azamba. Tauni imene anthu akunja amangoidziwa ndi mgodi wa mtovu ndi zinki umene unatsekedwa mu 1994, lero yasanduka mudzi wa ophunzira. Izi zinandikondweretsa, koma zinandiwawanso, chifukwa masukuluwa ali ngati nyumba zoyandikana zimene anthu ake sapalana moto.

Vuto lake likuoneka mukayang'ana amene amayang'anira sukulu iliyonse. Maphunziro a ntchito zamanja ali m'manja mwa TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998. Mayunivesite amayang'aniridwa ndi Higher Education Authority. Anamwino ali ndi khonsolo yawoyawo. Mnyamata wa ku Makululu kapena mtsikana wa ku Bwacha amene wamaliza giredi 12 ayenera kugogoda khomo lililonse payekhapayekha, fomu yake, ndalama zake, ndipo akasankha njira imodzi kupatukira kwina kumakhala kovuta. Ine ndikuti masukulu a ku Kabwe, pamodzi ndi malo ophunzitsira luso a ku Kapiri Mposhi ndi ku Chibombo, amangidwe mtolo umodzi: khomo lolowera likhale limodzi, ndipo zimene munthu waphunzira pa setifiketi ziwerengedwe akamakwera ku dipuloma, za dipuloma ziwerengedwe akamakwera ku digiri. Si zachilendo zimenezi. Mzinda wa Los Angeles uli ndi makoleji 9 a m'madera pansi pa ulamuliro umodzi, ndipo wophunzira amene wachita zaka 2 pafupi ndi kwawo amatha kukamalizira ku yunivesite osayambiranso pachiyambi. Zambia nayo ili kale ndi bungwe losanja masatifiketi onse pa makwerero amodzi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Makwerero alipo papepala, chatsala ndi kuwatsamiritsa pakhoma la tauni imodzi kuti anthu akwere.

Ena anena kuti mukatero mwasukulutsa digiri, kuti wowotcherera zitsulo sangakhale m'kalasi imodzi ndi amene anakhoza bwino masamu ku sekondale. Nkhawa imeneyi ndikuimva, koma mankhwala ake ndi mayeso a pakhomo ndi chaka chokonzekera, osati kutseka khomo. Munthu amene wakhala zaka zitatu akulumikiza mawaya ndi kukonza makina amabwera ndi nzeru imene ophunzira za uinjiniya ambiri amaipeza mochedwa. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi china: koleji iliyonse imalota kudzatchedwa yunivesite, ndipo ikakwera imasiya pansi pali mbuu, popanda wophunzitsa maphunziro aafupi ndi otsika mtengo amene mwana wa mayi wogulitsa tomato pamsika angakwanitse.

Ena afunsa za ndalama. Kuyambira mu 2017 olemba anthu ntchito ku Zambia amapereka msonkho wa luso wa 0.5 peresenti ya malipiro a antchito awo, ndipo mu 2022 thumba la chitukuko cha m'dera la phungu linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, gawo lina likulipirira achinyamata maphunziro a luso. Ndalama zikuyenda kale. Kugwirizana kungachepetse zowononga, chifukwa shopu imodzi ya makina kapena labotale imodzi ingatumikire masukulu atatu. Kwathu ku Malawi tinatsegula makoleji a ntchito zamanja a m'madera mu 2015, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga, ndipo ifenso funso lomweli likutidikira: womaliza kumeneko akafuna kupitiriza, alowera kuti?

Mawu olemera kwambiri ndi a amene amati ntchito kulibe, nanga kuphunzitsa anthu kuli ndi phindu lanji m'tauni imene mgodi unafa ndipo fakitale ya nsalu ya Mulungushi inakhala zaka zambiri ili chitsekere. Koma yendani ku Kasanda ndi ku Chowa muone fumbi limene ana akuseweramo. Dothi limenelo lili ndi mtovu, ndipo mtovu ukalowa m'magazi a mwana umawononga ubongo. Kuyeza magazi, kuyeza dothi, kukwirira mabwalo a nyumba ndi dothi labwino, kukoka mapaipi a madzi, zonsezi ndi ntchito za zaka zambiri, ndipo zikufuna namwino, wa m'labotale, mmisiri ndi mphunzitsi ogwirira pamodzi. Onsewa akusulidwa m'tauni yomweyi, pa mtunda woti njinga yakabaza ingafike.